Tsamba la rosemary linalengedwera ndani?

Pali mawu amene ndawamva kambirimbiri pa guwa, pa maliro, ngakhalenso m'minibasi pamene wogulitsa mankhwala azitsamba watsegula chikwama chake. Akuti Mulungu anatiikira mankhwala m'masamba, ndipo palibe chomera chimene chinamera popanda nthenda imene chinabwera kudzachiza. Mawuwa ndi okoma kumva, ndipo ambiri mwa amene amawanena ndi anthu oopa Mulungu kwenikweni. Koma ine, amene ndaphunzitsa chemistry kusekondale mpaka imvi kumera, komanso ndimakhala pa benchi la akulu ampingo Lamlungu lililonse, sindikhulupirira kuti mawuwa ndi oona mmene amanenedweramu. Kukayika kwangaku sikunachokere m'mabuku a anthu okana Mulungu. Kunachokera pa kachitsamba ka rosemary, ndi pa zimene asayansi anapeza atakaphwanyaphwanya kuti aone zimene zili m'kati mwake.

Kwathu kuno rosemary ndi mlendo. Wanga ndinabzala kuseri kwa khitchini, kanthambi kopemphetsa, ndipo ntchito yake ndi kununkhiritsa nkhuku ndi mbatatesi alendo akabwera. Kwawo kwenikweni ndi m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, m'mapiri amiyala a ku Spain, kum'mwera kwa France, ku Italy, ku Morocco ndi ku Tunisia. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo miyezi yotentha imatha dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Munthu akayang'anitsitsa tsamba lake amaona kuti ndi la chomera chozolowera ludzu. Ndi lowonda ndi lolimba, m'mphepete mwake mopindikira kunsi, ndipo kunsiko kuli ubweya woyera umene umaphimba timabowo topumira kuti madzi asamathawe. Pakati pa ubweyawo pali timatumba ta mafuta tosaoneka bwino ndi maso. Mukafikisa tsamba ndi zala, timatumbato timaphulika, ndipo fungo limene mumamvalo limachokera pamenepo. Carl Linnaeus anachitcha chomerachi Rosmarinus officinalis mu 1753, ndipo mu 2017 akatswiri atayerekeza DNA yake ndi ya abale ake anachisamutsira mu mtundu wa Salvia. Banja lake lalikulu ndi lomwe lija la mpungabwi wathu wothamangitsira udzudzu.

Kuchotsa mafutawo si ntchito yovuta, ndipo aliyense amene anaonapo mmene amatchezera kachasu akuidziwa kale njira yake. Nthunzi ya madzi owira imadutsa m'masamba, imanyamula mafuta, imazizira mumpope, kenako mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Pa makilogalamu 100 a masamba ouma, kawirikawiri mumatuluka kilogalamu imodzi kapena awiri basi. Chovuta chinali kudziwa kuti m'dontho la mafutawo muli chiyani, popeza ukaliona dontholo limaoneka ngati chinthu chimodzi.

Amene anatsegula khomo ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia amene anabadwira ku Asti, ku Italy, mu 1872. Akugwira ntchito ku Warsaw, anadzaza kampope kagalasi ndi ufa wa calcium carbonate, n'kuthira pamwamba pake madzi obiriwira ofinyidwa m'masamba. Madziwo akutsika, mtundu umene unkaoneka umodzi unagawanika m'mizere yobiriwira ndi yachikasu, chifukwa chinthu chilichonse chinkakakamira ku ufawo mwa mphamvu yakeyake, china kutsika msanga, china kutsalira m'mbuyo. Analemba za njirayi mu 1906 naitcha chromatography. Anamwalira mu 1919 anthu asanaone phindu lake, ndipo zimenezi zimandikhudza nthawi iliyonse ndikamatchula dzina lake. Ine ndi ana asukulu tinkachita zomwezo ndi pepala losefera, sipiriti ndi masamba a nkhwani, ndipo kalasi inkakhala chete mzere wachikasu ukayamba kutuluka m'chobiriwira. Mu 1952 Archer Martin ndi Anthony James, ku London, anasonyeza kuti njira yomweyi imagwiranso ntchito pa zinthu zimene zasanduka mpweya. Lero m'labotale amabaya kadontho ka mafuta a rosemary m'kampope kowonda kwambiri, kotalika mamita 30, kokulungidwa m'uvuni, ndipo mpweya wa helium umakankha zonse mpaka kumapeto. Uko kuli makina ena amene amaswa molekyu iliyonse ndi kuyeza kulemera kwa zidutswa zake kuti adziwe dzina lake. Pasanathe ola, pa kompyuta pamatuluka mndandanda wa zinthu makumimakumi.

Pamwamba pa mndandandawo pamakhala mayina atatu. Pali 1,8-cineole, yemwenso ali m'masamba a bulugamu. Pali camphor, fungo lija la mafuta opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine. Ndipo pali alpha-pinene, fungo limene limakulonjerani mukamadutsa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa. Onse atatu ali ndi maatomu 10 a kaboni. Cineole ndi camphor amasiyana ndi maatomu awiri okha a haidirojeni pa chiwerengero, komanso mmene maatomuwo analumikizirana, koma mphuno siingawasokoneze. Otto Wallach, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1910, ndi Leopold Ruzicka, amene anailandira mu 1939, anasonyeza kuti zinthu zonsezi zimamangidwa ndi kachidutswa kamodzi ka makaboni asanu, kolumikizidwa kawiri, katatu, kanayi. Kuchuluka kwa chilichonse kumadaliranso kumene chitsambacho chinakulira. Mafuta a ku Morocco ndi ku Tunisia amachuluka cineole, a ku Spain amachuluka camphor, ndipo a pachilumba cha Corsica amadziwika ndi china chotchedwa verbenone. Dzina ndi limodzi, koma botolo ndi botolo muli zosiyana.

Komabe zimene zinandisintha maganizo sizili m'mafuta onunkhirawo. Zimatsalira m'masamba nthunzi ikadutsa, chifukwa ndi zolemera, siziuluka, ndipo kuti uzichotse umafunika kuviika masambawo mu mowa waukali wa m'labotale kapena mankhwala ena osungunulira. Chimodzi ndi rosmarinic acid, amene akatswiri awiri a ku Italy, Scarpati ndi Oriente, anamulekanitsa koyamba mu 1958. Anamutcha dzina la rosemary chifukwa ndi mmene anamupeza, koma pambuyo pake anapezeka m'zomera zambirimbiri, ngakhale m'tizomera tonyozeka ta pa dothi lachinyontho totchedwa hornwort, timene mtundu wake ndi wakale kwambiri kuposa chomera chilichonse chamaluwa. China ndi carnosic acid, wa makaboni 20, amene anadziwika m'zaka za m'ma 1960. Uyu ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Tsamba limapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, mpweya ndi madzi. Ntchitoyi imachitikira m'timatumba tobiriwira totchedwa chloroplast, timene m'kati mwake muli timakungu topyapyala topangidwa ndi mafuta. Chilala chikafika, tsamba limatseka timabowo take kuti lisataye madzi, ndipo potero limatsekeranso kunja mpweya umene limaufuna. Koma dzuwa silidikira. Kuwala kumalowabe, mphamvu yake imasowa kopita, ndiye imagwera pa okosijeni n'kumusandutsa mtundu wolusa umene umawononga chilichonse chimene wakumana nacho, makamaka timakungu tamafuta tija. Tikawonongeka, tsamba lafa. Carnosic acid amakhala pomwepo, m'chloroplast momwemo. Okosijeni wolusayo akabwera amayamba wakumana ndi iye, ndipo iye ndi amene amawonongeka, n'kusanduka zinthu zina monga carnosol ndi rosmanol, pamene timakunguto tikupulumuka. Sergi Munné-Bosch ndi Leonor Alegre a ku yunivesite ya Barcelona anayeza zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pa zitsamba zokula padzuwa la kwawoko. Anapeza kuti chilala chikamakula carnosic acid amachepa m'masamba, ndipo zotsalira za kuwonongeka kwake zimachuluka.

Tsopano mafuta ophikira akakhalitsa pa shelefu amayamba kununkha ndi kuwawa, chimodzimodzi mtedza wosinja ndi nyama yonona. Chimawawononga ndi okosijeni yemweyo, mwa njira yomweyo. Makampani a zakudya anaona kuti chimene chimateteza mafuta a m'tsamba chingatetezenso mafuta a m'soseji, ndipo mu 2010 mayiko a European Union anavomereza kuti zofinyidwa mu rosemary zizithiridwa m'zakudya pa nambala ya E392. Mukatembenuza paketi ya zakudya zochokera kunja mukhoza kuiona.

Funso langa lili apa. Kodi carnosic acid anaikidwa m'tsambalo chifukwa cha soseji? Kodi anaikidwamo chifukwa cha ine? Zonse zimene labotale yaonetsa zikuyankha kuti ayi. Ali pamalo pamene tsamba likumufuna, amatha pa nthawi imene tsamba lili pa mavuto, ndipo ntchito yake ikanakhala yomweyo ngakhale padziko pakanapanda munthu. Mafuta onunkhira nawonso ndi chimodzimodzi. Kwa nthawi yaitali asayansi ambiri ankaganiza kuti zinthu ngati zimenezi ndi zinyalala chabe zimene chomera chimasowa kotaya. Mu 1959 Gottfried Fraenkel, wa ku yunivesite ya Illinois, analemba nkhani imene inatembenuza maganizowa, kunena kuti zinthuzi ndi zida zimene chomera chimadzitetezera nazo ku tizilombo todya masamba. Fungo limene ife timalikonda pa nyama yowotcha, kwa mbozi ndi chenjezo lakuti pita kwina.

Maganizo akuti chomera chilichonse ndi kalata yolembera munthu ndi akale, ndipo anali ndi anthu anzeru kumbuyo kwake. Paracelsus, sing'anga wa ku Switzerland wa m'zaka za m'ma 1500, ndi Jakob Böhme wa ku Germany pambuyo pake, ankaphunzitsa kuti Mlengi anaika chizindikiro pa chomera chilichonse chosonyeza nthenda yake. Mtedza wa walnut umafanana ndi ubongo, ndiye uchiza mutu. Chomera cha utomoni wachikasu chichiza chikasu. Kwathu kunonso maganizowa alipo, pakuti utomoni wofiira wa mlombwa ambiri amaugwirizanitsa ndi matenda a magazi. Sindiwaseka anthu amenewa. Anali ndi odwala m'manja, analibe makina, ndipo ankakhulupirira kuti Mulungu sangawasiye popanda chowatsogolera. Koma kuyeza kwasonyeza kuti mtundu wa utomoni ndi maonekedwe a mtedza sizinena chilichonse za nthenda ya munthu.

Nditanena zimenezi pa phunziro la Baibulo la pakati pa sabata, mayi wina wachikulire, amene ndimamulemekeza kwambiri, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mukatero ndiye kuti Mulungu sanatiganizire ife ana ake? Mwatisiyatu pamtetete." Funsolo silinali lachibwana, ndipo ndikuganiza kuti ambiri amene akuwerenga ali nalo.

Ndinawayankha poyamba ndi Baibulo lomwelo. M'chaputala choyamba cha Genesis zomera zikulengedwa tsiku lachitatu, munthu tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo Mulungu akuziona kuti ndi zabwino pa tsiku lawo lomwelo, wozidya asanaoneke. Ubwino wake sunadikire ife. Sayansi imawerenga nthawiyo m'zaka mamiliyoni mazanamazana, koma pa mfundo iyi awiriwa akugwirizana, kuti zomera zinayamba ndipo ife tinazipeza. M'buku la Yobu, chaputala 38 ndi 39, pamene Mulungu akuyankha munthu wosweka mtima, sakumuuza kuti zonse zinapangidwira iye. Akumuonetsa mvula imene imagwa m'chipululu mopanda munthu, mbuzi zakuthengo zimene zimaswa popanda wozithandiza, bulu wakutchire amene samva kukuwa kwa womuyendetsa. Yobu akutonthozedwa poona kuti Mulungu ali ndi ana ena ambiri amene amawasamala iye osadziwa. Maimonides, mphunzitsi wachiyuda amene anabadwira ku Córdoba n'kukakhala sing'anga ku Egypt, kumene anamwalira mu 1204, anafika pa mfundo yomweyi m'buku lake lotsogolera anthu othedwa nzeru. Iye anati tisaganize kuti zolengedwa zonse zilipo chifukwa cha munthu, pakuti chilichonse chinafunidwa pachokha. Munthu ameneyu ankachiza odwala ndi zitsamba tsiku ndi tsiku, koma sanaone kuti kuzigwiritsa ntchito kumatanthauza kuti ndi zake.

Komabe yankho limene linandikhutiritsa ine mwini ndinalipeza mu chemistry. Ngati carnosic acid sanapangidwire ife, nanga n'chifukwa chiyani amagwira ntchito pa chakudya chathu? Chifukwa chake n'chakuti mafuta a m'tsamba, mafuta a nkhumba ndi mafuta amene akuta selo lililonse la thupi langa ndi a mtundu umodzi, ndipo mdani wawo ndi mmodzi. Ine ndi kachitsamba kaja tinamangidwa ndi kaboni, haidirojeni ndi okosijeni omwewo, molumikizidwa mwa malamulo omwewo. Dzuwa limene limakaotcha limandiotchanso ine. Chaputala chachiwiri cha Genesis chimanena kuti munthu anaumbidwa ndi dothi, ndipo mavesi awiri okha kutsogolo kwake mitengo ikumera m'nthaka yomweyo. Mankhwala a m'tsamba amatifika chifukwa cha chibale chimenechi. Kwa ine ichi n'chachikulu kuposa kalata yolembera ine ndekha. Mulungu amene analenga dziko limodzi, lolukanalukana chotere mwakuti chishango cha kachitsamba ka m'mapiri a ku Spain chikukwana pa chakudya cha mwana wa ku Ntcheu, sanatisiye pamtetete. Anatiika pakati pa abale. Amayi aja anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti akaganizabe, ndipo ine ndinaona kuti ndi yankho loyenera.

Kutsutsa kwina kumachokera mbali inayo. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, tsopano ndi katswiri woyeza zakudya, anandiuza mwaulemu ndithu kuti, "Aphunzitsi, inu nomwe munatiphunzitsa kuti fungo ndi mamolekyu. Tawapeza, tawawerenga, tikudziwa mmene chomera chimawapangira. Nanga Mulungu watsala pati?" Mnyamatayu ndi amayi aja, ngakhale akuoneka kuti ali kutali, akuganiza mofanana. Onse awiri akuyesa kuti Mulungu amakhala m'malo amene sitinawamvetse, kotero kuti nzeru ikakula iye amachepa. Henry Drummond, mlaliki ndi mphunzitsi wa sayansi wa ku Scotland amene anayenda m'dziko lathu lino mu 1883 mpaka kufika kunyanja, anadzudzula maganizo amenewa m'buku lake la mu 1894. Anadandaula ndi Akhristu amene amafunafuna mipata imene sayansi sinaitseke kuti aikemo Mulungu, ngati kuti Mulungu amakhala m'mipata. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany, ali m'ndende ya Tegel ku Berlin mu 1944, analembera mnzake kalata yonena zomwezo, kuti Mulungu tiyenera kumupeza m'zimene tikuzidziwa.

Ine ndikaona mndandanda wa pa kompyuta uja sindiona mpata wotsekedwa. Ndimaona kuti kachidutswa kamodzi ka makaboni asanu kakupereka fungo la paini, la bulugamu, la ndimu, ngakhale mphira wa matayala, ndipo ndimafunsa kuti n'chifukwa chiyani dziko lili lomveka chotere, loti mutu wa munthu ungalitsate n'kulipeza likusunga malamulo ake ku Barcelona ndi ku Zomba mofanana. Makina sayankha funso limenelo, ndipo sanapangidwire kuliyankha. Amayankha kuti muli chiyani ndi kuti n'chochuluka bwanji. Amayankha bwino kwambiri, ndipo amatero atayamba aumitsa tsambalo, kulipera ndi kulisungunula. Chimene chimalowa m'kampope kaja sichilinso chitsamba chamoyo.

Nkhani ya chikumbutso imaonetsa bwino malire amenewa. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya ankanyamula rosemary pa maukwati ndi pa maliro monga chizindikiro cha kusaiwala, ndipo Shakespeare anatchula mwambowu m'sewero la Hamlet. Mpaka lero anthu a ku Australia amabaya kanthambi kake pachifuwa pa 25 Epulo pokumbukira asilikali awo amene anafera ku Gallipoli mu 1915, chifukwa chitsambachi chimamera chokha m'mapiri amenewo. Mu 2012 Mark Moss ndi Lorraine Oliver a ku yunivesite ya Northumbria anaika anthu 20 m'chipinda chonunkhira mafuta a rosemary, n'kuwapatsa masamu a pamtima, kenako n'kuyeza magazi awo. Anapeza cineole m'magazimo, ndipo amene anali naye wochuluka anachitako bwino. Nyuzipepala zinalemba kuti sayansi yatsimikizira zimene makolo ankanena. Anthu 20 ndi ochepa kwambiri kuti munthu amangirepo mfundo yaikulu. Koma ngakhale akanakhala 20,000, mayi wa ku Sydney amene wabaya kanthambi pa malaya sakuchita zimenezo kuti akhoze masamu. Akukumbukira agogo ake amene anagona m'phiri lakutali pamene chitsambachi chimamera. Cineole alimo ndithu m'kanthambiko, ndipo makina angamuyeze mpaka kadontho komaliza, koma chifukwa chimene mayiyo wakabayira sichidzatuluka pa mndandanda. Zonse ziwiri ndi zoona za kanthambi kamodzi komweko.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi sindiitenga ngati yongokambirana pakhonde. Chiphunzitso chakuti masamba anapangidwira matenda athu chili ndi mwana wake, amene amati chachilengedwe sichipweteka. Mwana ameneyu wapweteka anthu. Ngati chitsamba chinapanga camphor pofuna kuthamangitsa tizilombo, ndiye kuti sichinamuyeze molingana ndi thupi la mwana wa zaka ziwiri, ndipo madokotala akudziwa kuti camphor akamwedwa, ngakhale pang'ono, angagwetse mwana m'chikomokomo ndi kumunjenjemeretsa. Kanthambi ka mumphika n'kabwinobwino, koma mafuta otcheza a m'kabotolo ndi masamba ambirimbiri opanikizidwa pamodzi, ndipo si akumwa. Walira mvula walira matope: chimene chili ndi mphamvu yochiza chili ndi mphamvu yovulaza. Paracelsus yemwe uja, amene analakwitsa pa nkhani ya zizindikiro, ananena zoona pamene anaphunzitsa kuti chimasiyanitsa mankhwala ndi poizoni ndi muyeso. Ndipo tinaona kale kuti rosemary wa ku Tunisia ndi wa ku Spain sali ndi camphor wofanana. Wogulitsa wa m'minibasi amene amati supuni ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo sadziwa kuti m'supuni yakeyo muli zochuluka bwanji, ngakhale atakhala woona mtima chotani.

Sitiyeneranso kuganiza kuti molekyu yochokera m'tsamba ndi yoyera kuposa yopangidwa m'labotale. Kuyambira 1828, pamene Friedrich Wöhler anapanga urea m'galasi popanda impso ya nyama, zakhala zikuonekeratu kuti zamoyo zilibe maatomu apaderadera. Cineole wa mu rosemary ndi cineole wa mu bulugamu amene anthu ankadzifukiza naye pa nthawi ya Covid ndi chinthu chimodzi, ndipo thupi silifunsa kumene wachokera. Limangofuna kudziwa kuti walowa wochuluka bwanji.

Chitsanzo chimene chimandifika pamtima n'cha kwathu konkuno. Alenje a Chimang'anja a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za kombe. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anatenga njerezo, ndipo zimanenedwa kuti tsiku lina mswachi wake utakhudzana nazo m'thumba anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinafika kwa Thomas Fraser ku Edinburgh, amene anazifufuza kwa zaka zambiri, n'kulekanitsa chimene anachitcha strophanthin, ndipo mu 1885 anachipereka kwa madokotala monga mankhwala a mtima. Kombe sanamere kuti aphe nyama za alenje, ndipo sanamere kuti achize mitima ya anthu a ku Scotland. Anaika ululu m'njere zake kuti zisadyedwe. Alenje anapeza ntchito imodzi mwa kuyang'anitsitsa kwa mibadwo yambiri, Fraser anapeza ina mwa kuyeza, ndipo pakati pa imfa ndi machiritso panali kamuyeso kochepetsetsa. Mbali imodzi ya mankhwala a malungo a LA amene timalandira kuchipatala inayenda njira yofanana, kuchokera ku chitsamba cha Artemisia annua cha ku China, kudzera m'manja mwa Tu Youyou ndi anzake amene analekanitsa artemisinin mu 1972. Buku la Sira, limene abale athu Achikatolika ali nalo m'Baibulo lawo, pa chaputala 38 limatchula pamodzi mankhwala ochokera m'nthaka ndi luso limene Mulungu anapatsa sing'anga ndi wosakaniza mankhwala. Ine ndimamva kuti mphatsoyo ili pawiri, tsamba ndi nzeru yoliyeza, ndipo wokana yachiwiriyo m'dzina la chikhulupiriro wabweza theka la zimene anapatsidwa.

Pomaliza pali kachilombo kena kamene sindingakasiye. Dzina lake ndi Chrysolina americana, ngakhale kwawo ndi kum'mwera kwa Ulaya, ndipo ndi kokongola, konyezimira, ka mizere yobiriwira ndi yofiirira. Kanafika ku Britain m'zaka za m'ma 1990 ndipo alimi a maluwa kumeneko amadandaula nako. Kachilomboka kamadya masamba a rosemary, iko ndi mphutsi zake, camphor ndi cineole yemweyo amene amathamangitsa anzake ali momwemo. Thupi lake linapeza njira yopirira zimene zinapangidwira kukaletsa. Munthu amene amakhulupirira kuti chilengedwe chonse chinayang'ana kwa iye alibe pokaika kachilomboka, kupatula kukatcha mdani wa m'munda. Koma Salimo 104 limawerengera ngakhale mikango yobangula usiku m'gulu la zopempha chakudya kwa Mulungu, ndipo sindiona chifukwa chochotsera kachilombo aka m'gulu limenelo. Chitsamba chinapatsidwa zida, kachilombo kanapatsidwa mimba yozigonjetsa, ndipo kulimbana kwawo kunayamba kalekale m'mapiri a ku Mediterranean, kusanabwere mlimi woti akhale mbali ya mmodzi wa iwo.